Mwezi Ukatha

Loweruka lina m'mwezi wa June, kukuomba kamphepo kaja kamene kamadzaza fumbi m'maso ndi m'mano kuno ku Kabwe, foni yanga inalira ndisanamalize ndi tiyi yemwe. Anali mai wina wogulitsa salaula pamsika wa m'tauni. Moni sanautalikitse. "Ba ticha, tatsegula belo manje manje. Tianthu tanu tija tabwera. Fulumirani ena asanatole." Ndinauza amake mwana kuti ndikupita kukagula ma units a magetsi. Sikunali kunama kwenikweni, chifukwa pobwerera ma units ndinaguladi.

Belo la zidole silifanana ndi la zovala. Akadula zingwe, zonse zimangoti mbwee pa tenti: zimbalangondo zaubweya za diso limodzi, timotoka topanda mawilo, mitu ya ana apulasitiki imene matupi ake anatsala kudziko lina, mafoni abodza amene amalira ukawaponda. Ndinagwada pamenepo, ine bambo wa zaka 37, mphunzitsi wa kusekondale wokhala ndi digiri ya ku Kwame Nkrumah University, ndi kuyamba kufukula ngati nkhuku padzala. Pansi penipeni pa mulu zala zanga zinakhudza phewa limene zinalizindikira maso asanalione. He-Man. Lupanga analibe, chishango analibe, miyendo inali lendelende, koma tsitsi lachikasu lija linalipo, ndipo kumsana kwake kunali tizilembo tating'ono: Mattel, 1981, Taiwan. Mai uja anati K40. Ndinalipira osanenerera, ndipo nkhope yake inaonetsa kuti wazindikira mochedwa kuti akanatchula K100.

Podzuka ndinakumana maso ndi mtsikana wa m'kalasi langa la Giredi 10, atanyamula chikwama cha amai ake. Anandipatsa moni mwaulemu, koma maso ake anali pa kamwamuna kovala kabudula waubweya kamene kanali m'dzanja langa. "Ndi za mwana," ndinatero asanandifunse n'komwe. Limeneli ndiye linali bodza lenileni la tsikulo.

Kunyumba kwathu ku Highridge, pabalaza, pali kabati yagalasi ija imene mai aliyense wa mu Zambia amaitchula kuti display. Tinaigula titangokwatirana kuti muzikhala mbale za alendo ndi makapu a pa kitchen party. Lero mbalezo zinatsikira m'shelefu yapansi, zothinana ngati anthu m'basi ya ku Bwacha. M'mashelefu awiri apamwamba mumakhala anthu anga 43. Muli akamba a Ninja Turtles, Raphael alipo awiri. Muli Lion-O wa ThunderCats wopanda dzanja lamanzere, Power Rangers asanu ndi mmodzi amene atatu mwa iwo ndi ofiira, Batman wa chinsalu chong'ambika, Skeletor, ndi ena amene maina awo ndinachita kufufuza pa intaneti. Kabatiyo ili ndi loko, ndipo kiyi yake ndinali kuyenda nayo pa mphete imodzi ndi ya ofesi ya kusukulu. M'nyumbamo muli mwana wamwamuna wa zaka 7.

Ine sindinakulire ku Highridge. Ndinakulira ku Chowa, m'nyumba za mgodi. Atate anachoka ku Katete ali mnyamata kudzagwira ntchito pamgodi wa mtovu ndi zinki, uja umene unapatsa tauni ino dzina lake lakale la Broken Hill. M'nyumba tinali kulankhula Chinyanja, tikangotuluka pakhomo Chibemba, ndipo pomenyana tinali kusakaniza zonse. Mumzera wathu wonse TV inali m'nyumba imodzi yokha, yopanda mitundu, ya m'bokosi lamatabwa lokhala ndi tizitseko. Madzulo ZNBC ikayamba makatuni, ana osamba anali kulowa ndi kukhala pansi mwakachetechete. Osasamba tinali kuonera pawindo, wina atakwera pa njerwa, wina pamsana pa mnzake. Ine kawirikawiri ndinali wapawindo. Mpaka lero ndikakumbukira He-Man akukweza lupanga m'mwamba, ndimamukumbukira ali ndi chitsulo cha pawindo chodutsa pachifuwa pake.

Inu amene mwakulira pa foni ndi YouTube mwina simungamvetse zimene TV yopanda mitundu imachita ndi mutu wa mwana. Akamba a Ninja Turtles amasiyanitsidwa ndi nsalu zomanga kumaso: Leonardo yabuluu, Raphael yofiira, Donatello yapepo, Michelangelo ya orenji. Ife zimenezo sitinali kuzidziwa. Kwa ife onse anali otuwa ngati phulusa, ndipo tinali kuwadziwa ndi zida zawo, uyu wa malupanga awiri, uyo wa ndodo yaitali. Power Rangers atabwera pambuyo pake ndiye zinafika poipa. Pulogalamu yonse yomangidwa pa mitundu, ife tikuiona ngati chithunzi cha pa NRC. Tinali kukangana mpaka kugwirana malaya kuti wofiira ndi uti. Kuti nkhope ya Skeletor ndi yachikasu ndipo thupi lake ndi labuluu, ndinadziwa tsiku limene ndinamuona m'manja mwa mnyamata wina ku Sande sukulu.

Mnyamatayo anali kukhala ku Highridge, kumayadi, kumene ife tinali kudutsa pokhapokha magwafa akapsa, ndipo mothamanga chifukwa cha agalu. Atate ake anali bwana wina amene anapitako kunja pa kosi. Titatuluka m'kalasi la katekisimu, anapisa m'thumba la kabudula natulutsa Skeletor. Mpaka tsikulo sindinali kudziwa kuti anthu a mu TV angathe kugwiridwa. Ndinali kuganiza kuti amakhala m'bokosimo basi, ngati mmene mawu amakhalira mu wailesi. Anationetsa kuti ukapotoza chiuno chake ndi kuchisiya, chimabwerera chokha ndi kuponya chibakera. Tinapempha kuti tigwireko. Anayang'ana zala zathu nati ndi zakuda, tizingoona chabe. Tinamuzungulira ana ngati khumi, manja kumbuyo ngati tili pa asembule, mpaka amai ake anamuitana kumotoka.

Madzulo ndinauza atate. Chinali chaka cha 1994 ndipo ndinali ndi zaka 6. Anali kusamba m'manja kuti adye nsima, ndipo anandimvetsera mpaka ndinamaliza zonse, za chiuno, za chibakera, za nkhope yachikasu. Atatero anati, "Mwezi ukatha." Mgodi unatsekedwa chaka chomwecho. Zimene zinatsatira akulu anu angakuuzeni bwino kuposa ine: amuna athanzi kukhala pansi pa mitengo kusewera nsolo kuyambira m'mawa, mipando ndi mawailesi kutuluka m'nyumba usiku kupita kwa ogula, amai athu kuyamba kugulitsa vitumbuwa ndi tomato pamsewu. Ine zonsezo sindinali kuzimvetsa. Chimene ndinali kudziwa ndi chakuti mwezi umatha. Ndiye nthawi iliyonse ndikamva akulu akunena za month end, ndinali kupita kukaima pafupi ndi mpando wa atate ndi kufunsa ngati watha. Tsiku lina amai anandikokera kuseri kwa nyumba, nandiuza motsitsa mawu kuti ndikadzafunsanso ndidzaona chimene chinameta nkhanga mpala. Sindinafunsenso.

Patapita zaka zambiri, ndili ku koleji, ndikuwerenga zosakhudza maphunziro pa kompyuta ya ku laibulale, ndinapeza chinthu chimene chinandisowetsa tulo. Ine ndinali kuganiza kuti katuni ndiyo inayamba, kenako wina ataona kuti ana aikonda anaganiza zoumba zidole. Zinali zosiyana. Kampani ya Mattel inatulutsa zidole za Masters of the Universe mu 1982, ndipo katuni ya situdiyo ya Filmation inadzabwera mu 1983, magawo 130 onse pamodzi, kudzapatsa zidolezo nkhani kuti zigulike. Mu 1984, nthawi ya Ronald Reagan, bungwe loyang'anira mawailesi ku America, la FCC, linafewetsa malamulo okhudza malonda m'mapulogalamu a ana, ndipo makatuni a mtunduwu anatuluka ngati inswa mvula yoyamba: Transformers mu 1984, ThunderCats mu 1985, Ninja Turtles mu 1987, amene zidole zawo za kampani ya Playmates zinalowa m'mashopu mu 1988. Munthu watsopano aliyense amene anali kuoneka pa TV anali katundu watsopano pa shelefu. Ngakhale chifuwa cha He-Man ndi cha mdani wake Skeletor anachiumba m'chikombole chimodzi, kungosintha penti. Ndinatsimikiza ndekha nditawagoneka pamodzi patebulo.

Sindikuimba munthu mlandu, malonda ndi malonda. Koma taganizirani. Mwana wa ku Ohio anali kuonera katuni pakati pa sabata, Loweruka amai ake n'kupita naye kushopu, nkhani n'kutha. Kwa ife kunafika theka lokha la dongosololo. Kulengeza malonda kunafika, kutachedwa zaka zingapo, koma shopu inatsala kutsidya la nyanja. Tinaphunzira njala ya chakudya chimene sichinali kuphikidwa m'dziko muno. Ndipo palibe amene anatikonzera chiwembu. Ana a pawindo la ku Chowa sitinali m'maganizo a aliyense.

Choncho tinaumba athu. Mnzanga wina wa nyumba yachitatu kuchokera kwathu anali katswiri pa zimenezi. Tinali kukumba dothi lonyowa m'mbali mwa ngalande imene inali kuchokera kumgodi, ndi kulinyamula m'zitini za mafuta ophikira. Iye anali kuumba mapewa, mikono, ntchafu, zonse kuchokera m'mutu, kuchokera pa zimene anaona pakati pa zitsulo za pawindo dzulo lake. Lupanga linali la waya wophwanya ndi mwala, chishango chitsekerero cha botolo la Fanta. Posalaza minofu ya pachifuwa anali kunyambita chala, kupaka, kunyambitanso. Tonse tinali kutero, chifukwa malovu amasalaza dothi bwino kuposa madzi. Tinali kuziyanika padenga la chimbudzi kuti ang'ono athu asazifikire. Zikamenyana kamodzi mutu unali kuduka, mawa tiumba wina. Ndikanena zoona, He-Man wa dothi ameneyo ndinasewera naye kwambiri kuposa chidole chilichonse chimene ndili nacho lero.

Apa ndi pamene nkhani za "kale kunali bwino" zimandiima pakhosi. M'gulu la WhatsApp la anzanga a kupulayimale, sabata siitha wina asanatumize chithunzi cha motoka ya waya, n'kulemba kuti ana a masiku ano sadziwa kusewera, angodziwa mafoni. Ine ndimawerenga ndi kukhala chete. Dothi limene tinali kunyambita linali ndi mtovu. Mgodi unagwira ntchito pafupifupi zaka 90, ndipo utsi ndi fumbi lake zinagwera pa Kasanda, Makululu, Chowa ndi makomboni ena oyandikana nawo. Mu 2006 bungwe la Blacksmith Institute la ku New York linaika Kabwe pakati pa malo 10 oipitsidwa kwambiri padziko lonse, ndipo mu 2019 a Human Rights Watch analemba lipoti lathunthu la ana a kuno. Mtovu suwola ngati zinyalala zina, umakhalabe m'dothi ngakhale mgodi unatsekedwa kalekale. Ukalowa m'magazi a mwana wamng'ono umakaononga bongo umene ukukula: kugwira zimene waphunzira, kukumbukira, kukhazikika pa desiki. Mwana sakhosomola kuti mudziwe, amangovutika ndi masamu.

Chimene chimandiseketsa mowawa ndi chakuti pawindo lomwe lija tinali kuoneranso Captain Planet, katuni ya mu 1990 yophunzitsa ana kuteteza chilengedwe. Mwa achinyamata asanu ovala mphete zamphamvu, wa ku Africa anali Kwame, ndipo mphamvu ya mphete yake inali ya nthaka. Tonse tinali kulimbirana kukhala Kwame. Katuni ikatha tinali kuthamangira kutchire, mphete za waya kuzala, kukasaka adani oononga dziko, mulu wakuda wa zotsalira za mgodi, uja timautcha Black Mountain, uli poteropo. Mnzanga woumba uja anasiyira sukulu Giredi 7. Anthu anali kunena kuti ndi wouma mutu. Lero ndine mphunzitsi ndipo mawu amenewo ndinawaletsa pakamwa panga. Ndimakumana naye nthawi zina pa siteshoni ya mabasi akukankha wilibala. Timapatsana moni wa Chibemba, timaseka za kale, ndipo ndimayang'ana manja ake.

Chidole choyamba chenicheni ndinachigula mu 2014, ndi malipiro anga achiwiri. Ndinapita ku Soweto Market ku Lusaka kukafuna jekete ndi nsapato za kuntchito. Jekete ndinaipeza, nsapato sindinagule, ndipo m'thumba la jeketeyo munali Donatello. Ulendo wonse wobwerera, makilomita pafupifupi 140 pa Great North Road, dzanja langa silinatuluke m'thumba. Ndinali kuchita manyazi kumutulutsa pamaso pa anthu, komanso ndinali kuopa kuti ndikamusiya atha kusowa.

Njira imene zidolezi zimadzera ndi yomweyo ya malaya amene mwavalawo. Banja lina ku America kapena ku Britain likukonza m'nyumba, mwana anakula kalekale, bokosi lake lipita kushopu ya zachifundo. Zimene sizinagulike amazipanikiza m'mabelo, zikwera sitima yapamadzi, kenako lole, mpaka pa tenti ya mai uja. Msika utatsegulidwa pambuyo pa 1991 salaula inasefukira m'dziko, ndipo mafakitale athu a nsalu anavutika. Mulungushi Textiles ya konkuno inaima mu 2007. Zonsezi ndimazidziwa, ndimazifotokoza ndi choko m'kalasi, koma Loweruka ndimakagwadabe pa mulu. Shopu ija inafika ndithu, itachedwa zaka 30, katundu wake atatafunidwa kale ndi agalu a eni ake.

Pansi pa phazi la Lion-O wanga pali chilembo J cholembedwa ndi maka yakuda. Wina anamulemba kuti asasokonezeke ndi wa mnzake, ndiye kuti kumeneko ana anali kukhala ndi a Lion-O ambiri moti n'kusokonezeka. J ameneyo lero ndi bambo wamkulu kuposa ine. Ndinaganizapo zofufuta chilembocho ndi spiriti, koma ndinachisiya. Pa eBay ndi m'magulu a Facebook a anthu osonkhanitsa zidole kunja, chinthu chonga ichi ndi chilema chotsitsa mtengo. Iwo amafuna chidole chimene sichinatulukepo m'paketi yake, ndipo amalipira ndalama zimene sindingazitchule pamaso pa amake mwana. Chidole chimene mwana sanachigwirepo ndicho chamtengo wapatali. Ndinali kuwaseka anthu amenewa. Ndinali kuwaseka kiyi ili m'thumba.

Kunyumba nkhaniyi imaonedwa mosiyanasiyana. Azakhali anga atabwera kuchokera kumudzi anaima nthawi yaitali patsogolo pa display, maso ali pa chigaza cha Skeletor, kenako anakafunsa amake mwana kukhitchini ngati ndikupitabe kutchalitchi. Usiku umenewo pemphero linatalika, ndipo analipemphera atayang'ana kabati. Amake mwana alibe vuto ndi ziwanda, vuto lawo ndi masamu. "K40 apa, K60 apo, limenelo ndi thumba la unga, atate ake." Payslip ya mphunzitsi ngongole zikadulidwa mumaidziwa. Ine ndimayankha kuti amuna ena amamwa mowa. Iwo amati ndi zoona, koma botolo likatha silikhala pabalaza kumayang'ana mwana.

Mwana wathu sitimulola kusewera m'dothi. Highridge ili patali ndithu ndi mgodi poyerekeza ndi kumene ndinakulira, koma mphepo ya mu August siidziwa malire a mayadi ndi komboni. Tinabzala kapinga pabwalo ponse, m'nyumba timakolopa m'malo mosesa, ndipo kusamba m'manja asanadye ndi lamulo limene silikambirana. Ndiye masana ake amathera pakhonde kapena pa foni ya amake. Timotoka take ali nato, mpira ali nawo. Koma chimene anali kufuna ndi anthu a m'galasi.

Lamlungu lotsatira Loweruka la He-Man lija, titabwera kutchalitchi, ndinasiya makiyi patebulo ndi kukagona pang'ono. Ndinadzidzimuka ndi kaphokoso kakang'ono, thapu. Pabalaza ndinapeza chitseko cha display chili chotsegula, mwana ali pansi, thupi la He-Man m'dzanja limodzi, mwendo m'dzanja lina, mwendo winawo uli pansi pa mpando. Miyendo ya zidole zimenezi imagwiridwa ndi kalabala kamodzi kodutsa m'chiuno, ndipo labala ya zaka zoposa 40 ndi yofumbwa kale. Ikanaduka ngakhale m'manja mwanga. Izi ndinali kuzidziwa bwino lomwe. Koma ndinakalipa, ndipo mawu ake ndikuwakumbukira onse. "Wakuuza ndani kuti ugwire? Taona manja akowo! Izi n'zongoona chabe!"

Sanalire. Anaika zidutswazo patebulo, naimirira, naika manja kumbuyo.

Amake anali ataima pakhomo la kukhitchini, mthiko uli m'manja. Sanakweze mawu. "Dothi munamuletsa. Izinso mwamuletsa. Nanga azisewera ndi chiyani, atate ake, mphepo?" Anamutenga mwana n'kulowa naye kukhitchini. Ndinatsala ndekha ndikutola mwendo pansi pa mpando, ndipo ndili chogwada choncho ndinaona pagalasi chinthu chimene munthu woimirira sangachione: chidindo cha mphumi ndi mphuno, chamafuta, m'munsi pang'ono mwa shelefu ya akamba. Nditawafunsa pambuyo pake, amake anati amachipukuta tsiku lililonse.

Atate anabwerera ku Katete kalekale, amalima chimanga ndi nshawa. Usiku umenewo ndinatuluka panja ndi kuwaimbira. Tinakamba za zokolola, za mtengo wa chimanga, za bondo lawo limene limavuta nthawi yozizira. Kenako ndinafunsa ngati akukumbukira chidole chimene ndinawapempha ndili mwana. Anaseka, nafunsa kuti chidole chanji. Ndinafotokoza za nkhope yachikasu, za chiuno choponya chibakera. Sanakumbukire kalikonse. Ndinati, "Munanena kuti mwezi ukatha." Foni inakhala chete nthawi yaitali mpaka ndinaichotsa kukhutu kuona ngati talk time yatha.

"Chaka chimenecho mawu amenewo ndinauza anthu ambiri, mwana wanga," anatero. "Amako, wa pakantemba, a kusukulu kwa akulu ako. Sindinadziwe kuti iwenso unali kuwerenga masiku." Atatero anafunsa ngati mdzukulu wawo wadya.

Mawa lake nditaweruka ndinadula kachidutswa ka legeni ku chubu chakale cha njinga, ndi kupinda waya kukhala kambedza. Ndinayala mphasa pakhonde ndi kumuitana. Anabwera mokayika. Ndinamupatsa thupi kuti agwire, ine ndikulowetsa labala m'chiuno. Kawiri konse inandipulumuka. Pomaliza zala zake zing'onozing'ono ndizo zinakwanitsa kukokera mbali inayo ndi kukoletsa mwendo. He-Man tsopano amaima, koma mopendekera ngati munthu wochokera kumowa.

Ndinayesa kumufotokozera nkhani yonse, za dziko la Eternia, za Castle Grayskull, za Prince Adam ndi kambuku wake wamantha Cringer amene amasanduka Battle Cat. Anamvetsera mwaulemu, ngati ana anga a Giredi 10 pa phunziro lomaliza la Lachisanu. Ndinamuikira gawo limodzi pa YouTube, koyamba m'moyo wanga kulionera ndili pampando, m'mitundu yake yonse. Pasanathe mphindi zisanu anafunsa chifukwa chake anthuwo amangogwedeza pakamwa pokha, ndiponso chifukwa chake He-Man akathamanga amathamanga chimodzimodzi nthawi zonse. Ndinayang'anitsitsa ndipo anali kunena zoona, zithunzi zomwezo zinali kubwerezedwa. Pawindo la ku Chowa zimenezi sizinali kuoneka. Tinazimitsa lisanathe.

Kiyi tsopano imakhala pa loko pomwepo. Musaganize kuti ndinasanduka woyera mtima. Donatello wa ku Soweto uja ndi Lion-O wa J ndinawasamutsira pamwamba pa wadirobu kuchipinda, ndipo mai wa pamsika akaimba ndimapitabe kukagula ma units. Koma otsalawo amatuluka masana alionse. Batman chinsalu chake chinatheratu. Raphael mmodzi anasowa sabata ziwiri, tinamupeza ataimikidwa mutu pansi mumphika wa maluwa, ndipo ndinamutsuka ndi sopo ndisananene kanthu. Ana awiri a aneba nawonso amabwera, mmodzi ndi wa mai amene amachapa zovala m'nyumba yoyandikana nafe. Ndimawauzabe kuti asambe m'manja, koma ndi nthawi ya chakudya.

Dzulo ndinali pakhonde kuchonga mapepala a mayeso, iwo ali pamphasa, ndipo ndinasiya cholembera kuti ndimve. Bokosi la nsapato linali minibasi yopita ku Lusaka. Power Rangers atatu ofiira aja anali apolisi a pa roadblock, ataimitsa basi kufunsa laisensi. He-Man, mwamuna wamphamvu kuposa onse m'chilengedwe, anali atakhala kumpando wakumbuyo ndi thumba la makala, lopangidwa ndi sokisi yanga imene ndakhala ndikuifuna kuyambira sabata yatha. Skeletor anali kondakitala, ndipo anali kukana kumupatsa chenji.